Pepala Linati Febuluwale, Lisiti Linati Julayi

Ndakhala mlembi wa sosaite yathu ya maliro ku Mufakose, mumzinda wa Harare ku Zimbabwe, kwa zaka 11, ndipo pa zaka zonsezi pali usiku umodzi umene ndimalakalaka ukanatheka kubwezedwa. Ndikulemba izi chifukwa cha inu amene mumasunga mayina ndi ndalama za anthu ena, kaya kumpingo, kubanki m'khonde, kusukulu kapena kusosaite ngati yathuyi, komanso chifukwa cha inu achinyamata amene mumatipangira mawebusaiti. Ife tinagwa m'mbuna dzuwa likuswa mtengo, ndipo amene anathyoka mwendo sanali ife okumba mbunayo.

Sosaite yathu ndi cholowa. Makolo athu anabwera kuno kuchokera ku Nyasaland, ena wapansi, ena pa malole a Ulere, ambiri a iwo m'zaka za Chitaganya, kuyambira 1953 mpaka 1963. Anagwira ntchito m'mafamu a fodya, m'migodi, m'mafakitale ndi m'makhitchini a azungu, nadzakhazikika ku Mbare, Highfield, Mufakose, Dzivaresekwa, Mabvuku ndi Tafara. Mnzawo wa Chishona akamwalira, abale ankamunyamula kupita naye kumudzi. Mudzi wa makolo athu unali kutsidya kwa Zambezi, kutali koti maliro sangafike. Ndiye iwo anati maliro n'kulirana, nayamba kusonkha kangachepe mwezi ndi mwezi kuti wakwathu asadzaikidwe ngati wopanda mbale. Ndalama za dziko lino zasintha kangapo, zina zinasanduka mapepala m'manja mwathu mu 2008, koma sosaite sinafe.

Chimene chinaisunga ndi lamulo limodzi louma: membala akatsalira miyezi yoposa itatu osapereka, sosaite sigula bokosi, silipira manda, silipira galimoto. Imangopereka chipepeso chochepa basi. Lamuloli ndi lowawa, koma popanda ilo thumba likanauma kalekale. Choncho chinthu chachikulu kuposa zonse m'kaundula wathu ndi tsiku limene munthu anapereka komaliza. Kwa zaka zambiri tsikulo linkalembedwa pawiri: m'buku lalikulu lachikuto chakuda, ndi m'kabuku ka malisiti kokhala ndi kaboni, tsamba loyera kupita ndi wopereka, lotsindikizika kutsala ndi ine.

Kumayambiriro kwa 2024 mwana wa mlongo wanga, amene anaphunzira za makompyuta kukoleji ina mumzinda muno, anandipeza ndikufufuza dzina m'bukulo, masamba ena atayamba kuthothoka.

"Amalume, buku limeneli likadzanyowa kapena kupsa, mudzatani?" anatero. "Ndiloleni ndikupangireni kawebusaiti."

Anapangadi, mwaulere, mwachikondi, akugwira ntchito pakati pa usiku magetsi akabwera. Membala aliyense anali ndi mzere wake: dzina, nambala ya chitupa, nambala ya foni, kwawo kwa makolo, tsiku lomaliza kupereka ndi ndalama zimene anapereka. Maliro akagwa, webusaitiyo inkatha kutumiza uthenga wa SMS kwa onse nthawi imodzi, ngakhale kwa agogo a timafoni tamabatani amene sadziwa WhatsApp. Pansi pa tsamba anaikapo mabatani awiri, lobiriwira lotsitsira kaundula yense ngati fayilo yotsegula mu Excel, ndi lina lobwezera fayiloyo pa webusaiti ngati mwakonzamo zina. Tsiku limene anationetsa, amayi anaimba nthungululu. Buku lakuda ndinaliika pansi pa sutikesi.

Msonkhano wa mwezi wa Julayi unachitika Lamlungu pa 7. Madzulo ake a Msungichuma, bambo wokhulupirika amene anapuma ntchito ya ukalaliki, anadina batani lobiriwira pa laputopu yawo yakale yogula kwa ogulitsa zakunja m'tauni. Anandiitana kuti ndidzaone. Ndikukumbukira bwino zimene zinali pagalasipo. Mumzere wa mafoni munalibe nambala yodziwika ngakhale imodzi, munali zinthu zooneka ngati 2.63772E+11 kuyambira pamwamba mpaka pansi. Mumzere wa masiku, ambiri anatsamira kumanja kwa timabokosi tawo, koma ena ochepa anatsamira kumanzere, ngati ana osamvana pabenchi limodzi. Pamene mphwangayo analemba Malaŵi ndi w wa kachipewa, panatuluka MalaÅµi.

"Kodi zimenezi zili bwino, a Mlembi?" anandifunsa.

"Zimenezo n'za kompyuta, bambo," ndinayankha. "Bola mayina alipo ndipo ndalama zikuoneka."

Mphwanga amakhala nyumba yachinayi kuchokera kwathu. Ndikanangotuma mwana kukamuitana. Akuluakulu anati safunsa adadya phula, ndipo phula limenelo ndinalidya ine, n'kugawirako anthu osalakwa.

A Msungichuma anachita zimene munthu wosamala aliyense angachite. Anakonza mayina awiri amene anali olakwika. Anasintha mzere wa masiku kuti mwezi uzioneka m'mawu, poti achikulire manambala okhaokha amawasokoneza. Anasunga fayiloyo, anakaisindikiza pa shopu ya pamsika, kenako anadina batani lachiwiri kuti zokonzazo zilowe pa webusaiti. Webusaiti inalandira osafunsa kanthu.

Lachisanu pa 19 Julayi, m'bandakucha wozizira wa chisanu cha Harare, anatisiya agogo ena amene anali mmodzi mwa otsala ochepa oyambitsa sosaite. Anachokera ku Ntcheu ali mnyamata, anasoka zovala pakhonde la sitolo kwa zaka zambirimbiri, ndipo palibe maliro a wakwathu amene iwo sanagoneko. Madzulo a tsikulo, moto utayatsidwa panja ndipo amayi akuimba m'nyumba ya siwa, ife akomiti tinapatuka kuseri kwa nyumba monga mwa mwambo wathu. A Msungichuma anatulutsa pepala losindikiza lija, ine ndikuwaunikira ndi foni. Chala chawo chinatsika ndi mzere mpaka pa dzina la malemu, n'kuima. Panalembedwa 7-Feb-24.

Tinawerenga ndi zala: Malichi, Epulo, Meyi, Juni, Julayi. Miyezi isanu.

"Sizingatheke," anatero a Tcheya. "Taonani pa webusaitipo."

Ndinatsegula pa foni yanga. Webusaiti nayo inati 7 Febuluwale. Tinaona ngati mboni ziwiri zagwirizana, osadziwa kuti zonse ziwiri zinamwa pachitsime chimodzi. Mumtima mwanga munali kachikumbumtima koti ndinawaona agogowo chaposachedwa ali ndi ndalama m'manja, koma ndinadziuza kuti mutu wa munthu umaiwala, makina saiwala.

Anandituma ine kukanena. Ndinaitana mwana wamkazi wa malemu, amene ankawasamala, ndipo anabwera atafunda chitenje kumutu, n'kugwada pambali.

"Pepani mayi, zativuta," ndinatero. "Kaundula akuonetsa kuti bambo anatsalira miyezi isanu. Mukulidziwa lamulo lathu."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "A Mlembi, bambo anga sanatsalirepo chiyambire. Mwezi uno ndinawaperekeza ndekha mpaka pageti panu."

"Tayang'ana pawiri, mayi. Pepala ndi kompyuta zikunena chimodzimodzi."

Sanatsutsenso. Anadzuka, nabwerera m'nyumba.

Zimene zinatsatira zimandilemera mpaka lero. Banjalo linathamangira kwa wakatapila, amene kuno amati chimbadzo, kuti lipeze ndalama za bokosi ndi za manda, ndipo thupi linakhala kumochale masiku owonjezera. Uthenga wa SMS umene ndinatumiza sunafike kwa munthu ngakhale mmodzi, moti anzawo a malemu a ku Dzivaresekwa ndi ku Mabvuku, amene anayenda nawo moyo wonse, sanabwere kudzagona usiku woyamba. Koma bala lalikulu linali lina. Mchimwene wa mayiyo, amene amagwira ntchito ku Johannesburg, ankatumiza ndalama mwezi uliwonse, ndipo zina mwa izo zinali za sosaite. Atamva kuti bambo ake anatsalira miyezi isanu, anaimba foni, ndipo mawu amene ananena kwa mlongo wake anamveka kwa onse amene anali pafupi. Pofika Loweruka, manong'onong'o anali atazungulira pamaliro ponse kuti mwana wamkazi ankadya ndalama za bambo ake. Mayi amene anasambitsa ndi kudyetsa nkhalambayo zaka zisanu ndi chimodzi ankadutsa pakati pa anthu maso ali pansi.

Lolemba m'mawa anafika kwathu ali ndi kathumba kapulasitiki ka shuga. Anali atachotsa zonse m'diloo ya makina osokera a bambo ake. M'kathumbamo munali malisiti a sosaite omangidwa ndi kansalu, ena achikasu chifukwa cha ukalamba. Anasolola lapamwamba, nalipereka ndi manja awiri osanena kanthu. Linali la madola asanu a ku America. Tsiku lake linali 2 Julayi 2024. Dzanja lolemba linali langa, siginecha inali yanga. Pomwepo ndinakumbukira zonse: linali Lachiwiri madzulo, agogowo anati sadzatha kufika kumsonkhano wa Lamlungu chifukwa cha chifuwa, ndipo anakhala pampando wapakhonde ndikuwalembera. Tsamba la kaboni la lisiti lomwelo linali m'kabati yanga, mayadi atatu kuchokera pamene ndinaima. Kwa masiku atatu onse sindinaganize zolitsegula.

Mphwanga atabwera, anakhala pa laputopu ya a Msungichuma osakwana ola limodzi, kenako anagwira kumutu. Zimene anatifotokozera ndikufuna aliyense azimve, chifukwa si zakuya monga tinkaopera.

Batani lobiriwira lija silinkatulutsa fayilo yeniyeni ya Excel. Linkatulutsa mtundu wotchedwa CSV, umene ndi mawu wamba ondandalikidwa, chinthu chilichonse cholekanitsidwa ndi chinzake ndi koma. Opanga mawebusaiti amaukonda chifukwa ndi wosavuta kupanga, ndipo ukaudina kawiri umatseguka mu Excel ngati tebulo labwinobwino. Koma CSV sinena kuti ichi ndi dzina, ichi ndi tsiku, ichi ndi nambala ya foni. Pulogalamu yotsegulayo imangoganizira yokha, ndipo imaganizira molingana ndi dziko limene kompyutayo inatcheredwa. Webusaiti inalemba 02/07/2024, kutanthauza tsiku lachiwiri la mwezi wachisanu ndi chiwiri, monga timalembera kuno ndi ku Malawi. Laputopu ya a Msungichuma inali yotcheredwa mwa chi America, kumene mwezi umayamba, tsiku n'kutsatira. Inawerenga mwezi wachiwiri, tsiku lachisanu ndi chiwiri. Iwo atasintha kuti mwezi uoneke m'mawu, bodzalo linavala dzina, linakhala Febuluwale, ndipo batani lachiwiri linalitengera pa webusaiti n'kufufuta choonadi.

Nanga bwanji sitinaone msanga? Chifukwa anthu ambiri anapereka pamsonkhano wa pa 7 Julayi, ndipo 07/07 ukaitembenuza imakhala yomweyo. Amene tsiku lawo linali lopitirira 12, monga 25/06, kompyuta inalephera kuwatembenuza poti kulibe mwezi wa 25, ndiye inawasiya ngati mawu chabe. Amenewo ndi aja anatsamira kumanzere. Chizindikiro chinali pamaso pathu. Ovulala anali ochepa okha amene anapereka masiku oyambirira a mwezi kunja kwa msonkhano, ndipo imfa inasankha mmodzi mwa iwo.

Za mafoni zinali chimodzimodzi. Nambala ya kuno ikayamba ndi 263 imakhala ndi manambala 12, ndipo Excel ikaona nambala yaitali chotero imaifupikitsa mwa kalembedwe ka asayansi. Pagalasi pokha palibe chimene chatayika, koma ukasunga fayiloyo ngati CSV, chimene chimalembedwa ndi chofupikitsidwacho, ndipo manambala akumapeto amasanduka maziro mpaka kalekale. Ukailemba mwa kuno, kuyamba ndi 077 kapena 071, ziro woyambayo amadyedwa, chifukwa pa masamu ziro wakutsogolo alibe ntchito. Nambala iliyonse yopitirira manambala 15, monga za makadi ena a kubanki, Excel siisunga yonse molondola ikaitenga ngati nambala yowerengera. Ndipo w wa kachipewa anasokonekera chifukwa fayilo sinanene kumayambiriro kwake kuti zilembo zake zinalembedwa m'njira ya UTF-8.

Mphwanga analira. Anati fayiloyo anaiyesa pa kompyuta yake yokha, pamene zonse zinkaoneka bwino. Ndinamuuza kuti mlandu si wake yekha, ndipo pambuyo pake ndinadzamva kuti mbuna imeneyi yagwetsapo anthu a maphunziro ndi zipangizo zoposa zathu. Mu Okutobala 2020, mliri wa Covid-19 uli pakati, bungwe la Public Health England linavomera kuti anthu 15,841 amene anapezeka ndi kachilomboka pakati pa 25 Sepitembala ndi 2 Okutobala sanalowe m'chiwerengero pa nthawi yake. Zotsatira zochokera kumalabu zinkasamutsidwira m'mafayilo a Excel a mtundu wakale wa XLS, umene umathera pa mizere 65,536, pamene mtundu watsopano wa XLSX, umene unabwera ndi Excel 2007, umafika mizere 1,048,576. Zopitirira malire zinkangotsala panja mwakachetechete, ndipo anthu amene anakhudzana ndi odwalawo sanachenjezedwe msanga. Pofika chaka chomwecho, komiti yopereka mayina a majini a munthu inali itasintha mayina 27, monga SEPT1 kukhala SEPTIN1 ndi MARCH1 kukhala MARCHF1, chifukwa Excel inkawasandutsa masiku a Sepitembala ndi Malichi m'mafayilo a ofufuza. Mu 2023 kampani ya Microsoft inaika njira yozimitsira kutembenuza kodzichitikira kumeneku, koma malaputopu ambiri a m'makomboni mwathu ali ndi Excel yakale, ndipo ngakhale pa yatsopano munthu ayenera kudziwa kuti njirayo ilipo.

Titafufuza fayilo yonse mzere ndi mzere, tinapezanso zina zitatu.

Choyamba chinali pa zitupa. Nambala ya chitupa cha dziko lino imathera ndi manambala awiri osonyeza boma limene makolo a munthu anachokera, ndipo ambiri a ife ana a obwera timathera ndi 00. Manambala awiri amenewo ali ndi mbiri yowawa. Lamulo la unzika litasinthidwa mu 2001, anthu ambiri obadwira kuno anauzidwa kuti ndi alendo, mpaka malamulo aakulu a dziko a 2013 anadzatsegulanso khomo kwa obadwira kuno amene kholo lawo linachokera m'mayiko a SADC. Mphwanga anagawa nambala ya chitupa m'timabokosi tinayi, ndipo m'kabokosi komaliza 00 yense anasanduka 0. Kalata iliyonse imene tikanalemba kuchokera m'fayiloyo, yopita kumanda kapena kuofesi, ikanakhala ndi nambala yolakwika, kwa anthu amene avutika kale mokwanira ndi nkhani ya mapepala.

Chachiwiri chinali pa ndalama. Mzere wake unali ndi manambala okha, osanena kuti ndi ndalama yanji. Mu Epulo 2024 dziko lino linayamba kugwiritsa ntchito ZiG m'malo mwa dola ya Zimbabwe, ndipo dola yakale yokwana pafupifupi 2,500 inkasinthidwa ndi ZiG imodzi. M'chaka chimodzi chomwecho ena anapereka dola yakale, ena ZiG pa EcoCash, ena madola a ku America pamanja. Kuwonkhetsa mzere wotere kuli ngati kuwerenga mbuzi, nkhuku ndi mazira pamodzi n'kunena kuti uli ndi ziweto zakuti.

Chachitatu chinandiopsa kwambiri. Batani lobiriwira linkatulutsa zonse kwa aliyense wa komiti, ndipo fayiloyo inali itatumizidwa kale pa gulu la WhatsApp ndi kusiyidwa pa kompyuta ya shopu yosindikizira. Mayina, zitupa ndi malo okhala a mabanja onse zinali m'manja mwa anthu osawadziwa. Dziko lino lili ndi lamulo la Cyber and Data Protection Act la 2021, loyang'aniridwa ndi bungwe la POTRAZ, lonena za kasungidwe ka zinthu zotere. Koma ngakhale pakanapanda lamulo, chitupa cha mayi wamasiye si chinthu choyenda m'mafoni a anthu.

Tinatenga milungu itatu kukonza. Manambala a foni tinawatolanso khomo ndi khomo, ena kuwapeza m'buku lakuda lija, limene ndinalitulutsa pansi pa sutikesi. Mphwanga analembanso batani lobiriwira kuti lizitulutsa fayilo yeniyeni ya XLSX, imene kabokosi kalikonse kamanyamula mtundu wake. Pali zida zaulere zochitira zimenezi, monga PhpSpreadsheet imene iye anagwiritsa ntchito, openpyxl kwa olemba mu Python ndi Apache POI kwa olemba mu Java. Foni ndi chitupa anazitchula kuti ndi mawu, poti palibe amene amawonkhetsa manambala a foni. Tsiku analisunga ngati tsiku lenileni, looneka chaka poyamba, mwezi pakati, tsiku pomaliza, 2024-07-02, kalembedwe kamene sikatembenuzika. Ndalama iliyonse ili ndi kabokosi kapambali konena kuti ndi USD kapena ZWG, chidule cha ZiG. Dzina la fayilo limanyamula tsiku ndi ola limene yatsitsidwa, kuti pepala lakale lisadzayesedwe latsopano. Zitupa sizitulukanso m'fayilo ya msonkhano. Anatsekanso kakhomo kena kamene sitinkakadziwa: mawu oyamba ndi chizindikiro cha = kapena + Excel imatha kuwatenga ngati lamulo la masamu loti ichite, ndipo munthu woipa angadzerepo.

Batani lobwezera fayilo ndilo analisintha kwambiri. Tsopano lisanalandire kanthu limasunga kaye kaundula wakale pambali, kenako limaonetsa mzere uliwonse umene usinthe, chakale kumanzere, chatsopano kumanja, ndipo limadikira anthu awiri kuti avomereze. Likanakhala lotero mu Julayi, likanatiuza kuti mafoni onse a sosaite akusintha nthawi imodzi, ndipo ngakhale ine ndikanadzidzimuka. Asanatipatse, anayenda ndi fayiloyo pa laputopu ya a Msungichuma, pa foni ya a Tcheya ndi pa kompyuta ya kushopu, n'kuitsegula paliponse akuyang'ana ziro aliyense.

Kwa inu opanga mawebusaiti, pempho langa ndi limeneli: ntchito yanu sithera pamene fayilo yatsika. Imathera pamene nkhalamba ya magalasi okhuthala yaitsegula pa makina ake akale n'kuwerengamo zoona. Pitani mukaione ikutsegula. Ikanimo dala nambala yoyamba ndi ziro, tsiku la 2 Julayi, dzina lokhala ndi w wa kachipewa, keyala yokhala ndi koma pakati, muone ngati zituluke zamoyo. Kwa inu alembi ndi asungichuma anzanga: mukaona chachilendo pagalasi, musanene kuti n'za kompyuta. Imani, funsani, ndipo musasunge fayiloyo pamwamba pa yakale. Koposa zonse, pamene pepala likutsutsana ndi munthu amene mwamudziwa zaka makumi atatu, musathamangire kuweruza munthuyo musanatsegule kabati.

Agogo aja tinawaika kumanda a Granville, amene anthu amati ku Mbudzi. Sosaite inabweza ndalama zonse za maliro, ndipo chiwongoladzanja cha wakatapila tinasonkha ife akomiti m'matumba mwathu. Lamlungu lotsatira tinapita kunyumba ya malemu tonse, a Tcheya patsogolo, mphwanga pambuyo, ndipo tinapempha kuti abale ndi anansi amene anamva manong'onong'o aja aitanidwe. Mchimwene wa ku Johannesburg anali pa foni, mawu atakwezedwa kuti onse amve. Ndinaimirira ndi lisiti m'dzanja limodzi, tsamba la kaboni m'dzanja lina, ndipo ndinanena kuti malemu sanatsalirepo ngakhale mwezi umodzi, kuti mwana wawo sanadye kobiri, ndi kuti wolakwa ndine amene ndinalemba lisitilo n'kulikana.

Mayiyo anamvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako anati, "Ndamva, a Mlembi. Ndalama mwabweza, zikomo. Koma bambo anga anagona masiku atatu ali ndi dzina la munthu wangongole, ndipo anzawo sanabwere kudzawaimbira. Chimenecho musadzachitirenso wina."

Kuyambira mwezi umenewo, pamsonkhano uliwonse a Msungichuma amawerenga mokweza dzina ndi tsiku kuchokera papepala losindikiza, ine ndikutsatira ndi chala m'kabuku ka kaboni, ndipo mwini dzina amayankha kuti eya kapena ayi. Zimatenga mphindi makumi anayi, ndipo achinyamata ena amadandaula kuti tikuchedwa. Mayi uja analowa m'malo mwa bambo ake m'kaundula. Amakhala kutsogolo, kumbali ya amayi, ndipo dzina lake likatchulidwa sayankha msanga. Amayamba watsegula kathumba ka shuga kaja, n'kuyang'ana lisiti lake, ndipo tonse timadikira.